AI ikulemba code, nanga ndivutikirenji ndi kuphunzira kuyankhula?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo. Akuphunzira SQL ndi Python, zinenero zolembera malangizo a pakompyuta (code), kuti adzagwire ntchito yosanthula deta, koma aphunzitsi ake akumuumiriza kuti atengenso phunziro la kalembedwe ka malipoti ndi kuyankhula pagulu. Akufunsa kuti: "Popeza AI (mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu) ikulemba code m'kanthawi kochepa, si bwino ndizame kwambiri pa luso la pakompyuta kuti isandipitirire, m'malo motaya nthawi ndi zoyankhulayankhula?"

Mnzanga, aphunzitsi anuwo amvereni. Kuchokera pomwe kampani ya OpenAI inatulutsa pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT mu Novembala 2022, mbali ya ntchito yanu imene yapepuka ndi yapakati: kulemba query (lamulo lofunsira deta pakompyuta), kukonza mizere yosokonekera mu Excel, kujambula tchati. Zimene zimachitika musanayambe kuwerengera komanso mutamaliza zikadali zolimba monga kale, ndipo zonsezo n'zochita ndi anthu.

Tiyambe ndi zoyambirirazo, poti ndi zomwe ambiri amazinyalanyaza. Abwana akubwera nati, "Tapezani chifukwa chomwe makasitomala akuchepera." Mukangotenga mawuwo n'kuwapatsa AI, yankho libwera, lolongosoka bwino lomwe. Koma kuchepako n'kotani? Asiyiratu kugula, kapena akugula zochepa? Tikuyerekeza ndi mwezi watha kapena nyengo yomweyi chaka chatha? Nanga abwanawo yankholo akachita nalo chiyani: atsitsa mitengo, achotsa anthu ntchito, kapena akungofuna chonena pa msonkhano wa mawa? Zimenezi mu deta mulibe. Zimatuluka mukakhala naye pansi munthuyo n'kumufunsa modekha mpaka atatchula chomwe chikumusowetsa tulo. Ndipo musamudutse kalaliki amene amalowetsa ziwerengerozo tsiku ndi tsiku. Ndi iyeyo amene angakuuzeni kuti fomu inasinthidwa pakati pa chaka, kapena kuti ziro wa m'danga lina amatanthauza "sitinafunse". AI ingaziwerenge ziro zimenezo ngati zenizeni, osakayika n'komwe.

Tsono kufotokoza zomwe mwapeza. Mu 1973, pa yunivesite ya California ku Berkeley, mwa amuna 100 alionse ofunsira maphunziro apamwamba analandiridwa pafupifupi 44, pomwe akazi anali pafupifupi 35. Aliyense anaona tsankho. Akatswiri atagawa ziwerengerozo potsata madipatimenti, anapeza kuti m'madipatimenti ambiri amuna sankakonderedwa. Akazi ambiri ankafunsira m'madipatimenti amene ankakana anthu ochuluka, amuna ndi akazi omwe. Lero kompyuta ingakupatseni ziwerengero zonse ziwirizi musanamalize kukhosomola. Chovuta n'kuima pamaso pa anthu amene apsa kale mtima, osadziwa masamu akuya, n'kuwathandiza kumvetsa kuti zonse n'zoona, ndi kuti funso loyenera kufunsa tsopano ndi lina.

Nthawi zina kulephera kufotokoza kumatayitsa miyoyo. Usiku wa pa 27 Januwale 1986, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol anachenjeza NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga, kuti mphira zotsekera mpweya pa maroketi onyamula chombo cha Challenger sizigwira bwino kukazizira. Anatumiza matchati ambiri, koma panalibe imodzi yoonetsa poyera mgwirizano wa kuzizira ndi kuonongeka kwa mphirazo pa maulendo onse am'mbuyo. M'mawa mwake chombocho chinasweka patangotha masekondi 73, ndipo anthu onse 7 anafa. Sindikunena kuti matchati okha ndiwo anapalamula, chifukwa akuluakulu nawo anali ndi changu chofuna kuulutsa chombocho. Komatu chidziwitso chinalipo m'chipindamo, chinangolephera kufika m'mitu ya ogamula.

Mwina munena kuti AI imalembanso malipoti. Zoona, ndipo imasalaza ziganizo bwino. Vuto lake imakonda kutalikitsa, ndiponso ikalakwitsa imalankhula motsimikiza mofanana ndi pamene yalondola. Pa lipotilo pali dzina lanu. Wina akafunsa pamsonkhano kuti, "Chiwerengerochi mwachitenga kuti?" woyankha ndinu. N'chifukwa chake SQL ndi masamu musazisiye ayi. Popanda izo simungagwire AI pamene yanama.

Poyeserera, tengani ntchito iliyonse yomwe mwachita m'kalasi mulembe zotsatira zake m'ziganizo zitatu: mwapeza chiyani, mukutsimikiza mpaka pati, ndipo mukulangiza kuti achite chiyani. Zopezazo zikhale pamwamba, njira zomwe munatsata zipite pansi kwa ofuna kuziona. Tchati iliyonse inene chinthu chimodzi, ndipo mutu wake ukhale chinthu chimenecho, osati "Malonda a 2024" chabe. Kenako mupatseni munthu amene sadziwa za deta awerenge, akuuzeni m'mawu ake zomwe wamva. Akanena zosiyana ndi zomwe mumatanthauza, musamutsutse, lembaninso.