Kufika pa nsanja kusanache osadzidzimutsa agwape

Achimwene, yendani mphepo ikukuwombani kumaso, ndipo mufike pa nsanja yosakira ya mumtengo patatsala ola limodzi kuti kuche. Agwape a kuno ku Pennsylvania, ku America, amadalira mphuno kuposa maso. Fungo lanu likangowafika, m'mawa wonse wapita pachabe. Musadutse m'munda wa chimanga, usiku amadyera momwemo. Zungulirani, ngakhale njira italike.

Ine ndimasesa masamba ouma ndi timitengo m'kanjira kanga masana, nyengo yosaka isanayambe. Tochi yanga ndi yofiira, yolozetsa pamapazi. Yendani pang'ono, imani, mvetserani.

Pokwera mumtengo mumdima, chonde mangani lamba wotetezera, mfuti ikhale yopanda chipolopolo. Za maola ololedwa kuwombera ndi malamulo a tochi, funsani a Pennsylvania Game Commission, bungwe la boma loyang'anira zosaka nyama.