Nkhanu yobwera ndi miyala: muisunge kapena muichotse?

Wowerenga wina watumiza imelo kuti chiikireni live rock yatsopano (miyala ya m'nyanja yobwera ndi tamoyo take) m'thanki yake ya makorali akupeza zigoba za nkhono zopanda kanthu, ndipo usiku wina anaona nkhanu yaubweya imene sanagule. Akufunsa ngati aichotse.

Musayambe ndi kuisaka, yambani mwaiona bwino. Magetsi a thanki akazima, dikirani ola limodzi kapena awiri, kenako unikani ndi tochi yofiira, chifukwa kuwala kofiira sikuithawitsa msanga. Maso anu akhale pa zopanira zake. Zikakhala zonenepa, zosongoka, zakuda kunsonga, thupi lili laubweya, imeneyo ndi ya banja la Xanthidae, imene ambiri amati gorilla crab. Ikadali yaing'ono imangotola nyenyeswa, koma ikakula imaswa nkhono, kudya makorali ofewa, ngakhale kugwira nsomba yogona. Mwa zimene mwafotokozazi, ndikukayikira imeneyi. Inanso yochotsa osazengereza ndi ya miyendo yakumbuyo yophwatalala ngati nkhafi: imasambira ndipo imasaka nsomba.

Zina n'zosalakwa. Mithraculus sculptus ndi yobiriwira, nsonga za zopanira zake zili ngati tisupuni, ndipo imadya ndere, makamaka ya timibulu yotchedwa Valonia, ngakhale kuti njala ikaipweteka imayamba kutsina makorali. Porcelain crab imaoneka ndi miyendo yoyendera isanu ndi umodzi yokha, tinyanga titalitali, ndi timanja tapakamwa tokupizira chakudya cha m'madzi. Imeneyo isiyeni. Tinkhanu tosalala tokhala pakati pa nthambi za korali, Trapezia mu Pocillopora ndi Tetralia mu Acropora, timachotsa litsiro ndi kuteteza koraliyo. Koma mukapeza kaubweya m'nthambimo, pomwe kakhala pakuyera, n'kutheka kuti ndi Cymo, kamene kamadya mnofu wa korali.

Msampha wake ndi tambula yagalasi. Ikani kachidutswa ka shrimp yaiwisi pansi pake, muitsamize pamwala pafupi ndi una wa nkhanuyo, yopendekeka madigiri 45, mlomo ukhudze mwalawo. Nkhanu imatsetserekera mkati n'kulephera kukwera galasi loterera. Tambula ikagona kwambiri, nkhanu imadya n'kutuluka. Musadyetse thanki madzulo amenewo, ndipo nyambo muichotse m'mawa uliwonse, apo ayi iwola n'kukweza ammonia. Kawirikawiri zoyamba kukodwa ndi nkhono ndi ma hermit crab (tinkhanu tokhala m'zigoba za nkhono), ndiye pamafunika kubwereza mausiku angapo.

Ikakana msampha, tulutsani mwala wonsewo. Valani magolovesi, makamaka ngati pali ma zoanthid (tamoyo tonga timaluwa, tofanana ndi makorali ofewa), poti ena ali ndi poizoni wa palytoxin. Mwala wopanda korali muuviike kwa mphindi imodzi m'ndowa ya madzi owonjezera mchere kufika 1.035 kapena 1.040 pa muyeso wa kulemera kwa madzi (specific gravity), pamene a m'thanki amakhala pa 1.025. Wokhala ndi korali musauviike, ingopoperani madzi a soda (akumwa, a gasi) m'unamo ndi sirinji, mwala uli pamwamba pa ndowa. Mankhwala a kopa musawayerekeze: amapha nkhono, shrimp ndi makorali, ndipo amatsalira m'miyala.

Mukapeza "mtembo" wa nkhanu wopepuka, wang'ambika kumbuyo, musasangalale. Yangofundula, ndipo tsopano yakulirapo. Yogwidwayo itha kukhala mu sump (kathanki kapansi kosefera madzi), kutali ndi pampu, muziiponyera chakudya pang'ono kawiri pa sabata. M'nyanja musaitaye, chifukwa ikhoza kukhala yochokera kunyanja ina.