Funsani Tikuyankheni: Gemu yomanga maufumu yomwe imachedwetsa anthu kugona

Funso: Mwana wanga wa zaka 16 amasewera gemu ya pa kompyuta yotchedwa Civilization. Ndikamuitana amangoti, "Ulendo umodzi wokha, amayi," koma ola limatha asanadzuke pampando. Ndikasuzumira sindiona zothamangitsana kapena kuwomberana, koma mapu ndi timizinda basi. Chimamukoka n'chiyani? Ndimuletse? — Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sakukunamizani. Akamati ulendo umodzi, mumtima mwake amakhala akuganizadi umodzi. Ndikutero chifukwa inenso ndakhala ndikusewera gemuyi kuyambira pa Civilization IV, yomwe inatuluka mu 2005, ndipo mawu amenewo atuluka pakamwa panga kambirimbiri.

Gemuyi inayamba mu 1991, ndipo anaipanga ndi Sid Meier mothandizana ndi Bruce Shelley ku kampani ya MicroProse ku America. Amasewera mosinthana ngati tchesi: iwe umasuntha zako zonse, n'kudina batani, kenako kompyuta imasuntha za mitundu ina, ndipo umenewo ndiwo ulendo umodzi. Umayamba m'chaka cha 4000 BC uli ndi kagulu kamodzi ka anthu ofuna malo omangapo mudzi, kamene osewera amakatcha settler, ndi msilikali mmodzi wa chibonga. Mapu onse amakhala obisika, kupatula pamene waimapo. Mu Civilization V ndi VI, gemu yanthawi zonse imakhala ndi maulendo 500 ndipo imathera m'chaka cha 2050. Koyambirira ulendo umodzi umadya zaka 40.

Chokoka chili apa. Palibe nthawi imene zinthu zonse zimathera pamodzi. Nkhokwe ya mumzinda woyamba yatsala maulendo awiri kuti ithe, luso la kulemba latsala atatu, kazitape amene munamutuma kumpoto wangoona nsonga ya phiri ndipo ulendo wotsatira aona zimene zili kuseri. Nkhokwe ikatha, luso latsala pang'ono. Luso likapezeka, mpata womanga laibulale watseguka, ndipo kuwerenga kwayambiranso. Munthu safika pamalo oti n'kupumira m'mwamba kuti apa ndiye ndamaliza.

Ndikuuzeni za usiku wina. Ndinkasewera ngati Mansa Musa wa ku Mali mu Civilization VI. Mzinda wanga unali m'chipululu, mphepete mwa mtsinje, ndipo ndinayamba kumanga mapiramidi, omwe mu gemuyi amamangidwa pamchenga pokha komanso ndi mtundu umodzi wokha padziko lonse. Ndinasiya kuphunzitsa asilikali, anthu onse ndinawatumiza kukaswa miyala. Kutatsala maulendo awiri, uthenga unatulukira pakona kuti kudziko lina lakutali, limene ndinali ndisanalione n'komwe, amaliza mapiramidi. Pamalo pamene ndinkamanga panangotsala mchenga. Ndinakhala duu, dzanja lili pa mausi, mtima ukuwawa ngati ndataya chinthu chenicheni. Ulendo wotsatira oponya mivi a mnansi wanga anaonekera pamalire, ine ndilibe woti awatchinge. Palibe amene analemba nkhani imeneyo. Inachokera pa zosankha zanga, n'chifukwa chake mpaka lero ndimaikumbukira.

Ndiye musamuletse. Koma musapangane naye za maulendo, chifukwa ulendo wa kumapeto kwa gemu ungathe kutenga mphindi khumi pamene wa koyambirira umatenga masekondi. Panganani za nthawi ya pawotchi, ndipo alamu ikhale patali poti adzuke kuti akaizimitse. Dziwaninso ichi: akamasewera yekha ndi kompyuta, gemuyi imadzisunga yokha ndipo imadikira. Akaisiya lero, mawa aipeza pomwe anaisiya, palibe mudzi umene upse usiku. Ndipo tsiku lina mukhale naye pafupi, mumufunse chifukwa chake anamanga mzinda pamenepo osati apo. Mudzamva mwana akufotokoza za madzi, chitetezo cha phiri ndi malo olima, ndipo mudzadziwa ngati akuganiza kapena akungodina.

Funso: Achimwene, ndikasewera pa mulingo wapamwamba ndimapeza kuti kompyuta ili ndi mizinda itatu ine ndikadali ndi umodzi. Kodi imabera? Komanso n'chifukwa chiyani gemu imayamba kutopetsa ikamapita kumapeto? — Wosewera watsopano

Yankho: Mng'ono wanga, maso ako aona zoona. Kompyuta siwonjezera nzeru ukakweza mulingo, imangopatsidwa katundu wambiri. Mu Civilization VI muli milingo isanu ndi itatu. Pa mulingo wapakati wotchedwa Prince, iwe ndi kompyuta mumayamba pafupifupi mofanana. Pa Deity, womwe ndi wapamwamba kwambiri, mtundu uliwonse wa kompyuta umayamba ndi ma settler atatu ndi asilikali asanu, ndipo umamanga zinthu mofulumira kuposa iwe. Opanga gemu sabisa zimenezi, koma kwa ine ndi chilema chachikulu, pakuti mdani amene amakuposa ndi chuma chopatsidwa sakuphunzitsa kanthu. Ukangopirira zaka zoyambirira n'kumupeza, mdaniyo watha.

Pankhondo ndi pamene kufooka kwake kumaonekera poyera. M'magemu akale unkatha kuunjika asilikali makumi pamalo amodzi n'kuyenda nawo ngati chigumula. Civilization V itatuluka mu 2010, anasintha mapu kukhala timalo ta ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo analamula kuti pa kamalo kamodzi paziima gulu limodzi lokha la asilikali. Kwa munthu, nkhondo inakoma: oponya mivi kumbuyo, a mikondo kutsogolo, mtsinje pakati. Kwa kompyuta zinavuta. Ndaonapo ikutumiza asilikali mmodzimmodzi kudutsa pampata wopapatiza wa mapiri, onse n'kuthera pomwepo, koma osasintha njira.

Za kutopetsa kwa kumapeto, umenewo ndi mtima wa vuto lonse. Maulendo 100 oyambirira chosankha chilichonse chimalemera. Pomanga mzinda wachiwiri, luso loyamba kufufuza, mnansi woti upalane naye ubwenzi, zonsezi zimasintha gemu yonse. Pofika pakati umakhala ukudziwa kale kuti upambana, koma kutsogolo kudakali maulendo 150. Uli ndi mizinda 20, uliwonse ukufunsa choti umange, ndipo yankho lililonse silisintha kanthu. Gemu zambiri zimene ndinayamba ndinazisiya pamenepo. Opanga ake akulidziwa vutoli. Civilization VII, yomwe inatuluka mu February 2025, inagawa mbiri m'nyengo zitatu, ndipo pamene inkatuluka, nyengo ikatha unkayenera kusankha mtundu wina woti upitirize nawo. Cholinga chinali choti mpikisano uyambirenso. Osewera ambiri sanakondwe nazo, ndipo inenso zimandiwawa kusiya mtundu umene ndaulera kuchokera pa mudzi umodzi.

Malangizo anga ndi oti usewere pa mapu aang'ono, usankhe liwiro lofulumira, ndipo usathamangire kumanga mizinda paliponse poti malo alipo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mizinda isanu ndi umodzi yoikidwa pabwino imakupatsa gemu yoti uimalize.

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale. Ophunzira ena amanditchulira mayina a mafumu amene anawamva mu gemuyi. Kodi ndingaidalire pophunzitsa? — Mphunzitsi

Yankho: Aphunzitsi, ngati chitseko cholowera, inde. Mwana amene anakumana ndi Shaka wa Azulu, yemwe analimo kale mu gemu yoyamba ija, kapena Amanitore wa ku Nubia, Mvemba a Nzinga wa ku Kongo ndi Menelik II wa ku Ethiopia, amabwera m'kalasi ali kale ndi ludzu. Amamvetsanso msanga chifukwa chake mizinda yakale inamera m'mbali mwa mitsinje, ndiponso mmene chitsulo ndi akavalo zinkasinthira mphamvu za mitundu.

Koma pali chiphunzitso china chobisika chimene chimandisowetsa mtendere. Gemuyi imaonetsa ngati mitundu yonse ikuyenda mumsewu umodzi, kuchokera pa kuumba mbiya mpaka kuulukira kumwezi, ena patsogolo ena pambuyo. Malo amene sunafikeko amawerengedwa ngati opanda mwini. Anthu ena amene umawapeza kumeneko, m'magemu ambiri a mndandandawu amatchedwa barbarians, kutanthauza anthu olusa osatukuka, amakhala m'misasa, ndipo ntchito yawo ndi kuukira ndi kuphedwa. Mawu amenewa ndi omwe atsamunda ankagwiritsa ntchito polanda malo a eni ake. Mu 1993 mlembi wa zamagemu Alan Emrich anapatsa magemu a mtundu uwu dzina loti 4X, kutanthauza kufufuza dziko, kufutukula malire, kudyera chuma cha m'nthaka ndi kufafaniza adani. Werengani zinayi zimenezo modekha, muona mbiri ya ndani imene ikufotokozedwa.

Si ine ndekha wodandaula. Mu 2018, gemuyi itaika mtundu wa Cree wa ku Canada ndi mtsogoleri wawo Poundmaker, mmodzi wa akuluakulu a Poundmaker Cree Nation anadandaula poyera kuti sanafunsidwe, komanso kuti gemuyi ikupereka chithunzi choti anthu awo anali ndi mtima wolanda malo ngati wa atsamunda. Dandaulo limenelo ndi phunziro lathunthu la m'kalasi. Afunseni ophunzira anu kuti ma barbarians a m'misasa imene amaiwononga mu gemu ija anali ndani, ankalankhula chinenero chanji, ndipo akanakhala kuti ndiwo apanga gemu, kupambana kukanatanthauza chiyani.

Muwachenjezenso za mphekesera. Ambiri amafotokoza kuti mu gemu yoyamba munali cholakwika chimene chinkachititsa Gandhi, mtsogoleri wa India mu gemuyo, kukonda mabomba a nyukiliya. Sid Meier mwini wake anakana mu 2020 kuti cholakwika chotero kunalibe.

Funso: Kompyuta yanga ndi yakale. Pali njira yoti ndilaweko? — Wofuna kuyesa

Yankho: Ilipo. Freeciv, yomwe inayamba mu 1996, ndi yaulere ndipo imatsatira kwambiri malamulo a Civilization II. Unciv nayonso ndi yaulere, imatengera Civilization V, ndipo imayenda ngakhale pa foni ya Android. Zithunzi zake n'zosakongola kwenikweni, koma zosankha zake ndi zomwezija. Yambani pa mulingo wotsika ndi adani atatu okha, mzinda woyamba muumange pafupi ndi mtsinje, ndipo chinthu choyamba kupanga chikhale kazitape woti akaone zimene zili kuseri kwa phiri.