Mafuta odzoza khanda la khungu losachedwa kutuwa

Mayi wina wa ku Chipoka wandilembera imelo yonena kuti mwana wake wa miyezi inayi akumatuwa masaya ndi kuseri kwa mawondo, ndipo akamudzoza loshoni wonunkhira amene analandira ngati mphatso, khungulo limachita totupa. Akufunsa mafuta oyenera kugula.

Mayi, loshoniyo muyambe mwamusiya. Khungu la khanda ndi lopyapyala kuposa la munthu wamkulu, motero limataya madzi msanga komanso limalowetsa mosavuta zinthu zoyabwa, ndipo pa zinthu zoterozo zonunkhiritsa ndizo zimavutitsa ana ambiri. Mukapita ku famase ku Salima boma, muwerenge pa botolo ndi kusankha lolembedwa kuti "fragrance free", kutanthauza kuti mulibe zonunkhiritsa. Chithunzi cha mwana womwetulira chisakukopeni. Ine ndimakhulupirira Vaseline woyera wopanda fungo, chifukwa ndi wotchipa ndipo amatsekera chinyezi m'khungu, makamaka mu June ndi July pamene mwera ukuwomba kuchokera kunyanja.

Nthawi yodzoza ndi yofunikanso. Mwanayo mumusambitse ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zosapitirira 10, osati ndi sopo wochapira zovala, kenako mumupukute mogunditsa kansalu kofewa popanda kukhula, ndipo mumudzoze khungu lisanaumiretu. Mafuta atsopano aliwonse muyambe mwawapaka pakamalo kakang'ono pamkono, n'kudikira tsiku lathunthu kuti muone ngati patuluke totupa.

Koma kuno kunyanja October akafika nkhani imasintha. Vaseline wochuluka pa mwana amene watsala tsiku lonse kumbuyo m'chitenje amatseka timabowo ta thukuta, ndipo m'khosi ndi m'khwapa mumatuluka totupa ting'onoting'ono. Nyengo imeneyo muzipaka pang'ono zedi, pamalo otuwa pokha.

Pali zina zimene agogo kapena anansi angakuuzeni mwachikondi koma muzikane mwaulemu. Mafuta a kamfa si a khanda. Makirimu am'machubu ogulitsidwa pamsika, monga okhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa betamethasone, amachotsa totupa msanga koma amapyapyalitsa khungu akamapakidwa popanda uphungu wa dokotala. Ngakhale kirimu wofewetsa khungu wotchedwa aqueous cream muchenjere naye, popeza mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza kuti amatha kuyabwa ana achikanga.

Mwana akamakanda usiku wonse, kapena pakhungu pakamatuluka madzi ndi mafinya, musadikire tsiku la sikelo, mupite naye kuchipatala. Ngati ena m'nyumbamo akukandanso, makamaka pakati pa zala, zikhoza kukhala mphere, ndipo zikatero banja lonse liyenera kulandira mankhwala nthawi imodzi.