Makolo a amuna anu muwafufuze m'mawilu a eni akapolo

Mayi wina wa kwathu, yemwe anakwatiwa ku Virginia, m'dziko la America, ndi bambo wachikuda wa konko, wanditumizira imelo. Akuti ana awo akufuna kudziwa makolo a kuchimuna, koma akafufuza mpaka chaka cha 1870 amangoti kakasi. Akufunsa ngati kuseri kwa chakachi kuli kanthu.

Kanthu kaliko mayi, koma limbani mtima. Kalembera wa anthu wa ku America wa 1870 ndi woyamba kulemba mayina a anthu amene anali akapolo. Mu 1850 ndi 1860 ankangolemba zaka zawo, khungu, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, pansi pa dzina la mwini wawo. Choncho muyenera kupeza kaye banja limene linkawasunga. Yambani ndi azungu okhala ndi minda amene analembedwa moyandikana ndi agogowo mu 1870. Dzina la banja likafanana ndi poyambira pabwino, koma si umboni, chifukwa ambiri atamasulidwa anasankha mayina ena.

Mukalipeza banjalo, funani wilu ya mwini mundayo kukhoti la county (dera longa boma la kwathu kuno) imene ankakhala. Laibulale ya boma yotchedwa Library of Virginia, mumzinda wa Richmond, ili ndi makope ambiri, ndipo ena ali pa webusaiti ya FamilySearch mwaulere. Musalekere pa wilu pokha. Munthu akamwalira, khoti linkatuma anthu kukawerenga chuma cha masiye, ndipo m'ndandanda umenewo ndi momwe mumapezeka mayina. Tsiku loyamba kuwerenga pepala lotere ndinalephera kudya: ng'ombe, mabedi, miphika, kenako dzina limodzi la mkazi ndi mwana wake, mtengo wawo m'madola pambali.

Dzina la mkaziyo ligwireni zolimba. Lamulo la Virginia la 1662 linati mwana azitsata mayi ake, mayi akakhala kapolo nayenso ndi kapolo. Ife Achewa timanyadira kuti mwana ndi wa kuchikazi, koma kumeneko anasandutsa zimenezi unyolo. N'chifukwa chake mawilu amapereka mkazi pamodzi ndi ana amene adzabereke, ndipo mutha kumutsata kuchoka kwa mwini wake kupita kwa mwana wamkazi wa mwiniyo wokwatiwa ku county ina. Mabuku a malo nawonso muwatsegule, pakuti mphatso za akapolo ndi ngongole zomwe anthu anaikidwa ngati chikole zinkalembedwa momwemo. Milandu yolimbirana chuma cha masiye ndiyo imaulula zambiri, chifukwa abale akakangana amatchula aliyense.

Ma county ena, monga Hanover, mapepala awo ambiri anapsa ndi moto wa ku Richmond mu April 1865. Zikatero pitani ku zolemba za Freedmen's Bureau, ofesi ya boma yomwe inkathandiza akapolo omasulidwa, makamaka kaundula wa mabanja wa 1866 yemwe amatchula mwini womaliza wa mwamuna ndi wa mkazi.

Koma sabata ino yambani ndi azakhali aakulu kwambiri a amuna anu. Afunseni dzina la county ndi tchalitchi kumene agogo anaikidwa, mundilemberenso.