Ndimafuna makapu abuluu, atuluka akuda bii

Funso: Ndayamba kumene kuumba makapu, ndipo ndimawotchera mu uvuni wamagetsi wa mnzanga. Ndinagula ufa wa cobalt oxide n'kuthira masupuni awiri odzaza m'kachitini ka glaze, mankhwala opaka pa kapu amene amasungunuka pamoto n'kukhala ngati galasi. Makapu onse 12 atuluka akuda bii, ena glaze yachucha mpaka kumatirira pa shelefu. Kodi anandigulitsa ufa wabodza? Mnzangayo akuti ndizigula stain.
Woumba watsopano, Zomba

Yankho: Pepani mayi, makapu 12 si ntchito ya tsiku limodzi. Koma ufawo ndi weniweni, chakulakwirani ndi supuni. Mwa ufa wonse umene ndimasunga m'mabotolo, palibe waukali ngati cobalt. Pa magalamu 100 a glaze youma, theka la galamu limakwana kutulutsa buluu wooneka bwino, galamu imodzi buluuyo amayamba kudera. Cobalt amathandizanso glaze kusungunuka, n'chifukwa chake yanu inatsetsereka mpaka pansi. Gulani kasikelo koyeza ngakhale gawo la galamu, supuniyo ibwerere ku shuga.

Musakhulupirire mtundu umene mukuuona m'botolo. Cobalt oxide ndi copper oxide onse ndi ufa wakuda, koma mu uvuni wamagetsi woyambayo amatuluka wabuluu, winayo wobiriwira. Kopa yemweyo mukamuwotchera mu uvuni wa nkhuni kapena gasi, moto n'kuumana mpweya, amatha kufiira ngati magazi. Zoti moto umasintha mtundu ndinayamba kuziona kwa agogo anga. Ankapaka dothi lofiira pakhosi pa mtsuko usanaume kwenikweni, n'kukulungiza ndi kamwala kosalala mpaka kunyezimira. Mbali imene yapsa pamoto wamalawi inkatuluka yofiira psuu, imene yakwiririka ndi utsi inkada. Chofiiritsa dothi lija ndi chitsulo, iron oxide yemweyu tikugula lero m'mapaketi. Mu glaze, magalamu 2 pa 100 amapereka mtundu wonga uchi, mukafika 8 kapena 10 ndi khofi wakuda ndithu.

Za stain mnzanuyo sananame. Stain ndi ma oxide omwewa, koma anasakanizidwa kale ku fakitale, kuwotchedwa, n'kuperedwanso. Kawirikawiri mtundu umene mukuona m'paketi ndi umene umatuluka, ndipo chikasu chowala kapena pinki simungavutike nazo. Imalowa yambiri, magalamu 5 mpaka 10 pa 100, ndipo ndi yodula. Ngati wina waitanitsa mbale 20 zofanana, gwiritsani ntchito stain. Ineyo mtima wanga uli pa oxide, chifukwa mtundu wake umazama pamene glaze yakhuthala n'kupepuka m'milomo ya kapu, pomwe stain imangoti yalaa ngati penti.

Musanaviikenso kapu, umbani timapale tating'ono ndi dothi lomwe mumaumbiralo. Yesani cobalt wa magalamu 0.25, 0.5 ndi galamu imodzi pa magalamu 100 a glaze youma, kaphale kalikonse muyeso wake, ndipo mutiimike chilili mu uvuni kuti muone ngati glaze ikuchucha. Nambala mulembe kuseri ndi iron oxide wosungunula m'madzi, chifukwa pensulo imapsa n'kufufutika.

Posakaniza ufa valani chotchinga mphuno, makamaka pa ma oxide ena monga manganese ndi chrome, ndipo patebulo muzipukuta ndi kansalu konyowa, osasesa. M'kati mwa makapu omwera ikanimo glaze yopanda mtundu komanso yopanda mtovu. Makapu akudawo musamwere, cobalt wachulukitsa moti thobwa kapena madzi a mandimu angathe kumusungunula. Asandutseni moikamo maluwa.