Ku Zanzibar amalipitsadi chindapusa chifukwa cha zovala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera ulendo wa ku Zanzibar ndi amuna awo. Funso lawo ndi ili: "Ndamva kuti kumeneko mlendo amalipitsidwa chindapusa chifukwa cha kavalidwe. Kodi n'zoona? Nanga pali zina zomwe zingatigwetse m'mavuto?"

Mayi, n'zoona ndithu. Mu 2021 boma la Zanzibar linalengeza kuti mlendo woyenda m'tauni kapena m'midzi atavala zosambirira kapena zoonetsa thupi adzalipira chindapusa, ndipo kampani yomuyendetsa nayonso idzalipitsidwa. Koma musachite mantha. Chomwe amafuna n'chakuti mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika mukachoka pagombe, ndipo lamuloli limakhudza abambo omwe. Amuna anu asayende chifuwa chili pamtunda m'misewu ya Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar.

Chimene alendo ambiri samachimvetsa ndi ichi: gombe la hotela ndi mudzi wa anthu ndi malo awiri osiyana, ngakhale atatalikirana mapazi makumi awiri okha. Pagombe sambani momasuka. Mukangodutsa mpanda wa hotela mwalowa pakhomo pa eni, pomwe ana akupita ku madrasa, agogo akhala pakhonde, ndipo pafupifupi aliyense ndi Msilamu. Muziyenda ndi nsalu m'chikwama. Kumeneko amaitcha kanga, ndipo imagulitsidwa paliponse. Kuimanga m'chiuno sikutenga ndi mphindi yomwe.

Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndimachiona ku Jambiani ndi ku Paje, kum'mawa kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar. Madzi akaphwa, nyanja imabwerera kutali kwambiri, ndipo amayi amalowa m'madzi ofika m'mawondo kukasamalira mwani, ndere za m'nyanja zimene amalima pa zingwe zomangirira ku timitengo. Amawerama pamenepo maola ambiri dzuwa likuswa mtengo. Kenako mlendo amabwera, kudutsa pakati pa zingwezo, kuloza kamera kumaso kwa mayi osampatsa ndi moni yemwe. Umenewo ndi munda wa munthu, ndiwo umalipirira ana sukulu. Zungulirani, perekani moni, ndipo ngati mukufuna chithunzi pemphani. Akakana, zithere pomwepo.

Moni ndi nkhani yaikulu kwa Aswahili. Kwa munthu wamkulu mumati "Shikamoo", iye n'kuyankha kuti "Marahaba", ndipo mudzaona nkhope yake ikuwala. Pofika pakhomo mumati "Hodi", monga ife timanenera kuti "Odi", n'kudikira kuti akuuzeni "Karibu". Nsapato zitsale panja. Popereka ndalama, polandira chinthu ndi podya, gwiritsani ntchito dzanja lamanja. Mumzikiti musalowe popanda kuitanidwa, ndipo Lachisanu masana mudzapeza masitolo ambiri atatseka chifukwa cha mapemphero. Kupsompsonana ndi kukumbatirana pagulu sikuoneka bwino ngakhale kwa okwatirana. Mowa umapezeka m'mahotela ndi m'malo ololedwa, koma osayenda nawo m'manja mumsewu.

Yang'ananinso ngati ulendo wanu ukugwera m'mwezi wa Ramadan, poti masiku ake amasintha chaka ndi chaka. M'mwezi umenewu musadye, kumwa kapena kusuta poyera masana. Malo odyera ambiri a m'tauni amatseka mpaka dzuwa litalowa, koma m'mahotela chakudya chimapezeka.

Tsopano za mapepala. Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964 n'kupanga Tanzania, koma ili ndi pulezidenti wake, nyumba yake ya malamulo ndi malamulo akeake pa zinthu zambiri. Ndiye ngakhale mutakwera boti ku Dar es Salaam, ulendo wa maola awiri okha, podzatsika adzafuna kuona pasipoti yanu. Isakhale pansi pa sutikesi. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, alendo ochokera kunja amayenera kugula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe inayamba pa mtengo wa madola 44 munthu mmodzi ndipo imagwira ntchito masiku 92. Amaifuna ngakhale mutakhala ndi inshuwalansi ina kale. Gulani pa intaneti musananyamuke ndipo sungani umboni wake mufoni. Ngati muli ndi khadi la katemera wa yellow fever, litengeni, chifukwa amalifunsa kwa ochokera kapena odutsira m'mayiko omwe matendawa amapezeka.

Majumbo a pulasitiki ndi oletsedwa m'Tanzania monse kuyambira pa 1 Juni 2019. Ambiri timakonda kukulunga nsapato m'jumbo polongedza. Nthawi ino gwiritsani ntchito kathumba kansalu. Chamba ndi mankhwala ozunguza bongo zimapititsa munthu kundende, ndipo anyamata ena a pagombe amene angakuyandikireni mokoma akhoza kukutsatsani. Kanani mwaulemu n'kupitiriza ulendo. Musajambule apolisi, asilikali kapena nyumba za boma, ndipo drone siulutsidwa popanda chilolezo. Mukabwereka galimoto kapena njinga yamoto, laisensi yanu payokha sikwanira. Pamafunika chilolezo chakanthawi cha Zanzibar, chomwe obwereketsa amakukonzerani.

Pa zogula zokakumbukira ulendo, samalani ndi zochokera m'nyanja. Zigoba zikuluzikulu za nkhono, makorali ndi chilichonse chopangidwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja zingakulanditseni pabwalo la ndege, ngakhale munazigula ndi ndalama zanu. Gulani zonunkhiritsa chakudya, makamaka karafuu (cloves m'Chingerezi), zomwe zinatchukitsa zilumbazi. Mukapita ku nkhalango ya Jozani kukaona anyani ofiira amene sapezeka kwina kulikonse padziko kupatula ku Zanzibar, musawadyetse kapena kuwagwira. Amatenga matenda a anthu mosavuta.

Pali malo amodzi omwe ndikupemphani kuti mukafikeko modekha. Pakati pa Stone Town pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomangidwa pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kumadera a nyanja ya Malawi, atayenda ulendo wautali wa pansi mpaka kugombe la Kilwa. Pafupi ndi tchalitchicho pali tizipinda tapansi, totsika denga ndi tamdima, ndipo panja pali ziboliboli za anthu asanu ataimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Ndinaonapo alendo akujambulitsa pamenepo akumwetulira, zala m'mwamba. Inu mukafika, tsitsani mawu, foni ikhale kaye m'thumba, ndipo mumvetsere zimene wokuyendetsani akufotokoza. Mwina ena mwa anthu amene anadutsa pamenepo ankalankhula chilankhulo chimene mukuwerengachi.